Nanga ndidine pati?

Amayi anga analandira foni yawo yoyamba m'chaka cha 2006. Inali Nokia 1100 yakale ndithu, yomwe amalume anabwera nayo kuchokera ku Blantyre itakulungidwa m'kampango. Amayi analekezera sukulu mu Sitandade 4. Chichewa amawerenga bwino, makamaka cha m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo, koma Chingerezi ayi, ndipo foniyo inkalankhula Chingerezi chokhachokha. Komabe sabata isanathe anali atayamba kuimba okha. Mawu a pagalasi analibe nawo ntchito. Chimene analoweza ndi njira: batani lapakati kamodzi, lotsikira pansi kawiri, kenako lapakati lija. Chala chawo chinazolowera monga mapazi azolowerera njira ya kudimba, moti ankatha kundiimbira mumdima, kapena dzanja lina lili pa mthiko.

Pa Khirisimasi ya 2019 ndinawabweretsera foni yatsopano kuchokera ku Johannesburg, kumene ndinkachita maphunziro. Inali yagalasi lokhalokha, yopanda batani kutsogolo. Anailandira ndi manja awiri, kuitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti, "Nanga ndidine pati, mwanawe?" Ine ndinaseka. Patatha miyezi itatu ndinamva kuti foniyo ili m'sutikesi pamodzi ndi yunifolomu ya kumpingo, ndipo akafuna kuona uthenga wanga amaitana mwana wa aneba kuti awatsegulire. Zonse zimene ndinkawalembera, za ndalama, za matenda, za mkangano wa munda, zinkayamba zadutsa m'maso mwa mwana wa Sitandade 7. Mphatso yanga inawalanda chinsinsi chimene kafoni ka mabatani kanawasungira zaka 13.

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, choncho funso lawo linandikhala pamtima. Nditalitsatira ndinapeza kuti lili ndi mbiri, ndipo mbiri yake ndi ya mkangano wa zaka pafupifupi 30 wa makampani olimbirana chala cha munthu.

Foni iliyonse yamakono ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, yomwe pa Chingerezi amati operating system. Ndiyo imagawira mapulogalamu ena onse malo, mphamvu ya batire ndi netiweki, ngati kapitawo pa esiteti. Ife sitiiona. Chimene timaona ndi nkhope yake: tizithunzi, mawu, mabatani, ndi malamulo onena zimene zichitike chala chikakhudza apa kapena apo. Wokonza nkhope iliyonse amakhala ndi munthu wina m'maganizo. Amalingalira kuti munthuyo amawerenga chinenero chanji, wakhala pati, ali ndi ndalama zingati. Mbiri ya nkhope za foni tingaiwerenge pofunsa kuti munthu wolingaliridwayo anali yani nthawi iliyonse.

Poyamba anali bwana wa mu ofesi. Mu 1994 kampani ya IBM inatulutsa Simon, chifoni chachikulu ngati njerwa, chokhala ndi galasi lokhudza ndi kandodo. Chinali ndi kalendala, bukhu la manambala ndi njira yotumizira fakisi. Sichinakhalitse pamsika. Mu 1996 kunabwera Palm Pilot, yomwe sinali foni koma kabuku ka m'thumba ka pakompyuta. Amene anaikonza, Jeff Hawkins, ankayenda ndi kathabwa kosema m'thumba la shati, n'kumayerekeza kulembapo, pofuna kuona ngati chinthu chotero chingazolowereke. Polemba pa Palm, munthu ankayenera kuphunzira kalembedwe kapadera ka zilembo kotchedwa Graffiti kuti makinawo amumve. Ku Canada, kampani ya Research In Motion ya mumzinda wa Waterloo inapanga BlackBerry, yokhala ndi kiyibodi yathunthu ya timabatani ting'onoting'ono, ya anthu oyankha makalata a imelo ali m'sitima kapena pabwalo la ndege. Ku Ulaya, mu 1998, makampani a Psion, Nokia, Ericsson ndi Motorola anagwirizana kukhazikitsa Symbian, yomwe kwa zaka zambiri inali pulogalamu yoyendetsa mafoni amakono ambiri kuposa ina iliyonse.

Onsewa anatengera chithunzi cha ofesi chimene makompyuta anali atachifalitsa kale kuyambira pa Macintosh ya 1984: mafayilo, mafoda, envelopu ya makalata, bini ya zinyalala. Kwa kalaliki tizithunzi timeneti tinali tachidziwikire. Kwa munthu amene sanakhalepo pa desiki tinali zilape.

Kwathu kuno foni yam'manja inalowera khomo lina. Ku Malawi TNM inayamba mu 1995, Celtel n'kubwera mu 1999, yomwe pambuyo pake inadzakhala Zain kenako Airtel. Ambiri a ife tinayambira pa mafoni a mabatani 12 a manambala, monga Nokia 3310 ya mu 2000 ndi 1100 ya mu 2003. Yachiwiriyi inagulidwa yoposa 250 miliyoni padziko lonse, ndipo zimene zinaitchukitsa n'zimene amayi ankaikondera: tochi, batire lokhala masiku, mabatani osalowa fumbi, ndi mndandanda wa zosankha wosasinthasintha. Chinthu chikakhala pachiwiri lero, mawa chidzakhalanso pachiwiri.

Kulemba Chichewa pa mabatani amenewo inali ntchito. Kuti mulembe "zikomo" munkadina 9 kanayi, 4 katatu, 5 kawiri, 6 katatu, kudikira pang'ono, 6 kamodzi, kudikiranso, 6 katatu: kudina ka 16 pa zilembo zisanu ndi chimodzi. Olemba Chingerezi anali ndi T9, njira imene inkalota mawu munthu akadina batani lililonse kamodzi kokha. M'mafoni amene tinali nawo, T9 sinkadziwa Chichewa, ndiye chinthu choyamba chimene aliyense ankaphunzira chinali kuizimitsa. Uthenga umodzi unkalola zilembo 160, ndipo pofuna kusunga mayunitsi tinayamba kudula mawu, "bwanji" n'kukhala "bwnj". Chilembo cha ŵ, chimene chili m'dzina lenileni la Malaŵi, sichili pa mndandanda wa zilembo za uthenga wamba wa GSM. Uthenga ukakhala nacho, malire ake amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70. Chilembochi chinali chitayamba kale kusowa m'manyuzi, koma foni inachititsa kuti kuchilemba kukhale ndi mtengo.

Ku South Africa BlackBerry inapeza moyo umene eni ake sanaulingalire. Chifukwa cha ndalama yochepa yolipira pamwezi imene inkapatsa munthu intaneti ndi BBM, foni ya mabwana inasanduka ya ana asukulu ndi achinyamata a m'malokeshoni. Anthu ankapemphana PIN m'malo mwa nambala. Achibale athu ambiri opita ku Joni anabwera nazo kumudzi m'zaka zimenezo.

Pa 9 January 2007, ku San Francisco, Steve Jobs anaonetsa iPhone yoyamba. Mfundo yake inali yoti mabatani apulasitiki ndi vuto chifukwa sasintha, pomwe pulogalamu iliyonse imafuna mabatani akeake. Ndiye anawachotsa, n'kusiya galasi la mainchesi 3.5 ndi batani limodzi pansi pake. Kandodo anakakananso, nati chala ndi chokwanira. Kutsetsereza chala kuti tsamba liyende, kutsina chithunzi kuti chichepe kapena kuchitambasula kuti chikule, zonsezi zinafala kuyambira pamenepo. Foniyo inayamba kugulitsidwa mu June chaka chomwecho pa madola 499. Chaka choyamba sinkalola mapulogalamu a anthu ena, mpaka App Store itatsegulidwa mu July 2008.

Android inali m'njira kale. Andy Rubin ndi anzake anaiyamba mu 2003, Google n'kuigula mu 2005. Foni yake yoyamba, HTC Dream, yomwe ku America inkatchedwa T-Mobile G1, inatuluka mu October 2008. Inali pakatikati pa dziko lakale ndi latsopano: galasi lokhudza, kiyibodi yotsetsereka kuchokera pansi, kampira kozunguza, ndi mabatani angapo, limodzi mwa iwo lobwerera m'mbuyo.

Pamenepa mpamene njira ziwiri zimene tili nazo lero zinasiyanirana. Apple inasankha kupanga yokha foni ndi pulogalamu yomwe, kuti zonse zifanane. Mukadziwa iPhone imodzi mwadziwa zonse, ndipo kampaniyo ndiyo imaloleza pulogalamu iliyonse yolowa. Batani lake limodzi linali ndi lonjezo losavuta: mukasokera, dinani apa mubwerere poyambira. Google inamanga Android pa Linux n'kuipereka kwa wopanga foni aliyense kuti aisinthe momwe wafunira. Inapereka batani lobwerera sitepe imodzi, malo a memori kadi m'mafoni ambiri, ndi ufulu wolowetsa pulogalamu yochokera kwa mnzako osadzera kusitolo. Awiriwa akhala akuberana nzeru. Android inali ndi kansalu ka zidziwitso kokokera kuchokera pamwamba kuyambira pachiyambi, iPhone n'kukatengera mu 2011. Koma kusiyana kwenikweni sikunathe. Kwina mwini nyumba ndi mmodzi ndipo zonse zili m'malo mwake, koma lendi ndi yokwera. Kwinaku ndi msika, kumene aliyense amamanga benchi yake.

Amene anali pamwamba anachedwa kuona zimenezi. Symbian inakonzedwera mabatani, ndipo kuiveka galasi lokhudza kunali ngati kumanga ng'ombe pa galimoto. Mu February 2011 mkulu watsopano wa Nokia, Stephen Elop, analembera antchito ake kalata yoyerekeza kampaniyo ndi munthu woima pa nsanja yokumbira mafuta imene ikuyaka pakati pa nyanja, yemwe ayenera kusankha pakati pa moto ndi madzi ozizira. Patangopita masiku ochepa Nokia inalengeza kuti ikusiya Symbian n'kutenga Windows Phone ya Microsoft. Foni yomaliza ya Nokia yokhala ndi Symbian, 808 PureView, inatuluka mu 2012.

Windows Phone, yomwe inayamba mu 2010, inali ndi nkhope yosiyana ndi zonse. M'malo mwa tizithunzi tofanana kukula, inali ndi timabokosi tamitundu tosonyeza zinthu zamoyo, monga nkhope ya munthu amene wakuimbira kapena chiwerengero cha mauthenga. Munthu ankatha kuika nkhope ya mwana wake patsogolo penipeni, yaikulu. Ndimaganiza kuti amayi akanaimva msanga. Koma opanga mapulogalamu sanaitsatire chifukwa inalibe anthu ambiri, ndipo anthu sanaigule chifukwa inalibe mapulogalamu. Microsoft inagula gawo la mafoni la Nokia mu 2014, koma mu January 2020 inasiyiratu kusamalira pulogalamuyo. Firefox OS, imene inakonzedwera mafoni otchipa mu 2013, inafa patangotha zaka zochepa, ngakhale inasiya mwana wotchedwa KaiOS m'mafoni ena a mabatani. BlackBerry inazimitsa makina otumikira mafoni ake akale pa 4 January 2022. Panatsala awiri.

Ku Africa kuno mpikisano wa awiriwo unagamulidwa ndi thumba. Chakumayambiriro kwa 2011, Safaricom ku Kenya inkagulitsa Huawei IDEOS, foni ya Android, pa mtengo wosapitirira madola 100, ndipo inayenda malonda kwambiri. Kenako kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, mwini wa Tecno, itel ndi Infinix, inachita zimene akuluakulu sanachite: inakhala pansi n'kuona mmene ife timagwiritsira ntchito foni. Inaika malo a masimu kadi awiri chifukwa tinkayenda ndi mizere iwiri pothawa mtengo woimbira netiweki ina. Inaika mabatire aakulu chifukwa cha kuthima kwa magetsi, n'kukonza makamera kuti azijambula bwino khungu lakuda. iPhone inadzayamba kulola mizere iwiri mu 2018. Lero mukazungulira msika wa Lilongwe, Chipata kapena Tete, pafupifupi foni iliyonse yagalasi imene muone ndi ya Android, ndipo anyamata okonza mafoni amakuikirani nyimbo ndi mapulogalamu kuchokera m'kompyuta yawo popanda kuwononga bandulo.

Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake. Wopanga aliyense amaveka Android chovala chake: Samsung ili ndi One UI, Tecno HiOS, Infinix XOS. Chinthu chimodzimodzi chimakhala malo osiyana m'mafoni awiri a m'nyumba imodzi, ndipo batani lobwerera limene lili kumanzere pa ina, pa inzake lili kumanja. Kufotokozera munthu pafoni kuti adine pati kumakhala ngati kulondolera mlendo njira ya m'mudzi umene sunafikeko.

Nkhope zija zinapitirizanso kuvula. IPhone zoyamba zinkayesetsa kufanizira zinthu zenizeni: kabuku ka manotsi kooneka ngati pepala lachikasu, mabatani ooneka ngati otukuka. Mu 2013, iOS 7 inafafaniza zonsezo n'kusiya mitundu yosalala ndi mawu opyapyala. Mu 2014 Google inabweretsa Material Design, ndipo mabatani atatu a pansi pa galasi anasanduka zizindikiro zopanda mawu: kamakona atatu, kozungulira ndi kamakona anayi. Mu 2017 iPhone X inachotsa batani limodzi lija. Mu 2019 Android 10 inabweretsa njira yoyendetsa foni yonse potsetsereza chala kuchokera m'mphepete. Sitepe iliyonse inali yomveka kwa amene anayenda nawo ulendo wonse kuyambira 2007. Okonza ankati anthu azolowera, safunikanso kuuzidwa. Amayi anga anakwera basi imeneyi pa siteji yomaliza. Batani limaoneka, limamveka pachala, ndipo limakhala pomwepo. Kutsetsereza chala kulibe chizindikiro. Ngati palibe wakuuza, sungadziwe kuti kulipo.

Pali nkhope ina imene mabuku a mbiri ya mafoni saitchula kawirikawiri, koma ndiyo yasuntha miyoyo yambiri kuno. Mu March 2007, miyezi iwiri Jobs ataonetsa iPhone, Safaricom inayambitsa M-Pesa, ndalama za pafoni zoyendera mndandanda wa mawu wokhala m'simu kadi. Ku Zimbabwe EcoCash inayamba mu 2011, ku Malawi Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Kuno ambiri timazifikira poimba nyenyezi, manambala atatu ndi hashi, njira yotchedwa USSD. Ilibe chithunzi kapena mtundu. Imangoti 1 chakuti, 2 chakuti, sankhani. Sifuna intaneti ndipo imagwira pa foni ya mtengo uliwonse. Symbian, BlackBerry ndi Windows Phone zinapita, koma iyo ilipobe, ndipo ngakhale mwini iPhone akafika pa ejenti amadina manambala omwewo monga wogulitsa tomato. Imayenda ndi nzeru yomwe ija ya chala cha amayi, yoloweza njira.

Chaka chatha ndinapatsidwa ntchito yomasulira mawu a pulogalamu ina ya pafoni m'Chichewa. Ananditumizira mndandanda wa mizere mazana angapo, wopanda chithunzi chilichonse, mzere uliwonse uli ndi malire a zilembo. Pamenepo ndinaona mbiri yonseyi ili m'timawu tating'ono. "Home" ndi kunyumba, kumudzi, kapena poyambira? "Back" ili ndi zilembo zinayi, "Bwererani" zisanu ndi zinayi, ndipo kabokosi kake anakayeza pa Chingerezi. "Cancel" ndi kuletsa, kusiya, kapena kufufuta? Pa ndalama, kusiyana kwa mawu atatuwa kungagonetse banja ndi njala. "Save" ndinaimasulira kuti "Sungani", koma pambali pake panali kachithunzi ka floppy disk, chinthu chimene mwana wobadwa mu 2005 sanachionepo. Panalinso nkhani ya ulemu. Chingerezi chimalamula aliyense mofanana, koma Chichewa chimakukakamiza kusankha pakati pa "dina" ndi "dinani". Amene anandituma ankafuna chachifupicho kuti chikwane m'bokosi. Ndinakana. Foni yoti iziuza agogo kuti "dina" ndi mwana wosaleredwa bwino, ndipo palibe amene angaikhulupirire ndi ndalama zake.

Chichewa chinalowa mu Google Translate mu December 2014, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma kumasulira mawu pa nkhope yokonzedwa kale kuli ngati kupenta nyumba imene makomo ake anayezera munthu wina. Womasulira amaitanidwa pomaliza, pamene zonse zofunika zagamulidwa.

Amayi anadzatulutsa foni ija m'sutikesi pa chifukwa chimene ine sindinachiganizire. Mdzukulu wawo anawaonetsa kachithunzi ka maikolofoni pa WhatsApp, njira yotumizira mawu apakamwa imene inayamba mu 2013. Kugwira, kulankhula, kusiya. Sipafunika Chingerezi, sipafunika kalembedwe, ndipo moni ungatalike mmene mwambo ufunira. Nditapita kumudzi ndinabwezeretsa mabatani atatu a pansi pa galasi, kukulitsa zilembo, kuchotsa tizithunzi tonse tosafunika, n'kusiya nkhope zinayi za ana awo kutsogolo. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ndawamangira kafoni ka mabatani mkati mwa foni yagalasi, n'kubwerekanso nzeru ya Windows Phone imene inafa ija.

Madzulo ake ndinawaonetsa mndandanda wa mawu amene ndinkamasulira, kuti andiyesere. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Atafika pamene ndinalemba kuti "Mukutsimikiza?", funso limene foni imafunsa munthu asanatumize ndalama, anaima.

"Ameneyu akufunsa ndani?"

"Akufunsa inuyo, amayi."

"Ndiye azinena kuti ndalama zingati, zikupita kwa yani. Munthu sungatsimikize chinthu chimene sanakuuze."

M'mawa mwake ndinalembera amene anandituma kuti mzere umenewo ukufunika bokosi lalikulupo.